A Yoramu, Amene Ndidawakana Ntchito

A Yoramu Fanizo adabadwira ku Biriwiri, kumapiri kufupi ndi malire, m'banja lolima kachewere ndi kabichi. Sukulu adalekezera Sitandade 4. Ali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu adapita ku Joni kukagwira ntchito kumigodi, monga ankachitira anyamata ambiri a kuno masiku amenewo. Kumeneko ndiko adakumana ndi bambo anga, a Evance, ochokera ku Manjawira. Ankagona chipinda chimodzi kukomboni, ankatsikira limodzi pansi, ndipo Lamulungu ankaimba limodzi m'kakwaya ka anthu ochokera kwathu kuno. Chaka china mwala udawagwera a Yoramu pamwendo, ndipo kuyambira pamenepo ankayenda motsimphina.

Atabwerako ku Joni aliyense adapita kwawo. A Yoramu adakwatira mai Lufina, nabwerera kumunda wa makolo awo. Ndi bambo anga ankakumana mwa apo ndi apo, pamaliro kapena paukwati, mpaka kukumanako kudazilala. Ine dzina lawo ndinkangolimva bambo akamasimba za kumigodi. Nkhope yawo ndidaiona koyamba tsiku lomwe adabwera kudzafuna ntchito kwathu.

Dzina langa ndine Hannah. Ndimagwira ntchito mu ofesi ina ku Blantyre, ndipo mchimwene wanga Allan ali ku South Africa. Mayi athu atamwalira, bambo adatsala okha m'nyumba ku Manjawira. Poyamba tinkati ndi chisoni chabe. Ankathira mchere mu tiyi, ankaiwala komwe aika makiyi. Kenaka adayamba kundiitana ndi dzina la mlongo wawo amene adamwalira ine ndisanabadwe. Chomwe chidatiopsa kwambiri ndi ichi: m'mawa uliwonse ankavala magambutsi, kutenga kajumbo, n'kupita kumsewu waukulu kukadikira basi yopita kumgodi. Ankaima m'mphepete mwenimweni mwa tala, malole akudutsa.

Kuchipatala adatiuza kuti ndi matenda a ubongo amene amagwira ena akamakalamba, omwe amawatcha dimenshiya, ndipo sachira. Namwino adati tipeze munthu wokhala nawo tsiku lonse. Mlamu wanga wina ndiye ankawaphikira, koma adali ndi mapasa akhanda, sakadatha kumawathamangira. Tidalengezetsa kutchalitchi kuti tikufuna wosamalira wodwala, ndipo ine ndidalemba mafunso anga m'kope.

Lidali Loweruka la mwezi wa Juni, kukuzizira kwambiri. Ndidaika mipando iwiri pakhonde. Kudabwera anthu atatu. Woyamba adali mayi wina wa m'mudzi woyandikana nafe. Ndisanafunse kanthu adanong'ona kuti, "Koma zimenezi si zokhwimira za ku Joni? Ine ndili ndi ana." Ndidamuthokoza n'kumuuza kuti apite.

Wachiwiri adali Malita, mayi wa zaka ngati makumi atatu, waukhondo, wolankhula bwino. Adagwirapo ntchito yoyendera odwala m'makomo, ndipo adali ndi pepala losonyeza kuti adaphunzitsidwa. Adali ndi foni yotha kutumiza zithunzi. Mafunso anga onse adayankha mosajejema. Za kumsewu adati chitseko chiyenera kukhomedwa ndi loko, ndipo wodwala azikumbutsidwa tsiku ndi chaka kuti mutu uzigwira ntchito. Ine ndidagwedeza mutu, chifukwa ndi zomwe ndinkaganizanso.

Wachitatu adadikira pansi pa mtengo wa mango mpaka nditamukodola. Adali nkhalamba yaitali, yovala jekete lakale koma lochapidwa bwino, chipewa kumanja, kathumba ka kachewere paphewa. Adakwera masitepe awiri a pakhonde mwendo umodzi ukukokeka.

"Ndine Yoramu, wa ku Biriwiri," adatero. "Nkhaniyi ndamva kwa munthu wina wogula mbatata amene amabwera kwathu. Akuti a Evance akudwala ndipo mukufuna wokhala nawo."

Ndidawalonjera, n'kuwauza kuti dzina lawo ndikulidziwa. Ndinkayesa kuti abwera kudzazonda matenda. Atanena kuti akufuna ntchitoyo ndidadabwa, koma poti adali atayenda ulendo wautali ndidatsegula kope.

"Mudagwirapo ntchito yosamalira odwala?"

"Ntchito ayi, mayi. Ntchito yomwe ndidalembedwapo ndi ya kumgodi basi."

Ndidalemba kuti alibe luso.

"Bambo amakana kusamba. Mungatani?"

"Ndingawasiye kaye. Madzi ndingawatenthetsenso. Dzuwa likatentha ndingaike beseni panja, ine n'kuyamba kusamba m'mapazi iwo akuona. Munthu sakonda kuuzidwa kuti wada, koma akaona mnzake akusamba amasirira."

"Nanga akavala magambutsi kuti akupita kumsewu?"

"Ndipita nawo."

"Kukatani?"

"Kukadikira basi. Ine ndiima mbali ya kumsewu, iwo mbali ya kuudzu. Tikaima kanthawi ndiwauza kuti lero shifiti kulibe, tiyeni tikamwe tiyi."

Ndidatseka kope. "Ndiye kuti muziwanamiza."

A Yoramu adayang'ana chipewa chawo kaye asanayankhe. "Mukawauza kuti mgodi adausiya zaka zoposa makumi anayi zapitazo, amakumvani?"

"Amakwiya."

"Eya. Kwa iwo basi ija ikubweradi. Amene akuoneka wabodza ndi inuyo."

Mawu amenewo adandipweteka. Nthawi yomweyo chitseko chidatseguka, bambo n'kutuluka atafunda bulangete. Adandidutsa ine ngati sadandione. Adaima patsogolo pa mlendoyo n'kumuyang'anitsitsa. A Yoramu sadawafunse kuti mwandizindikira kodi. Adangolankhula mawu angapo m'chilankhulo cha kumigodi chimene ine sindichimva. Bambo adayankha m'chilankhulo chomwecho, kenaka adaseka mpaka misozi, kuseka komwe ndidali ndisanakumve chimwalirireni mayi. Adakhala pampando wanga, ndipo awiriwo adacheza ola lathunthu. Dzina la a Yoramu bambo sadalitchule n'kamodzi komwe, koma dzanja lawo sadalisiye.

Madzulo ake ndidamuimbira Allan. Adati, "Achemwali, nkhalamba isamale nkhalamba inzake? Atagwa onse awiri adzadzutsana bwanji? Tengani wa pepalayo. Azititumizira zithunzi." Ndidavomera msanga. Zifukwa za Allan zidali zomveka, ndipo ndi zimene ndinkauza aliyense wondifunsa. Koma padali chifukwa china chimene sindidauze munthu. Bambo adali atatha miyezi iwiri osandidziwa ine mwana wawo, amene ndinkakwera minibasi Lachisanu lililonse kudzawachapira zofunda. Munthu wina wangobwera kamodzi, bambo n'kumusekera. Ndidachita nsanje.

Nditawauza a Yoramu kuti tasankha wina, adati, "Palibe kanthu, mayi. Mwana uja akuoneka wakhama. Koma mundilole ndizibwera kudzawaona achimwene angawa." Ndidawalola. Kachewere adamusiya pakhonde.

Malita adalidi wakhama, ndipo sindifuna wina aganize kuti adali munthu woipa. Nyumba idayera. Bambo ankavala zoyera, mankhwala awo a kuthamanga kwa magazi ankamwa pa nthawi yake. Adapachika kalendala pakhoma, adakhoma loko pachitseko. Zonse ankachita monga ndidamuuzira. Bambo akafunsa kuti mkazi wanga ali kuti, Malita ankayankha mwaulemu kuti, "Agogo, amayi adamwalira, manda awo ali kuseri kwa tchalitchi." Bambo ankalira ngati amva kumene. Mawa lake ankafunsanso, n'kuyankhidwanso chimodzimodzi. M'mawa ankamenya chitseko ndi zibakera, akukuwa kuti achedwa, kapitawo awachotsa ntchito.

A Yoramu ankabwera kawiri pamwezi. Ankapempha kiyi kwa Malita, n'kupita ndi bambo kumsewu. Anthu a pamsika adazolowera kuona nkhalamba ziwiri zitaima pafupi ndi ogulitsa tomato, wina wa magambutsi, wina wotsimphina. Pobwerako bambo ankadya bwino n'kugona masana. Koma tsiku lotsatira ankamenya chitseko kwambiri kuposa kale, ndipo Malita adandidandaulira. Adati agogo aja akubwezera ntchito yake m'mbuyo. Allan naye adayamba kufunsa kuti munthu wosalembedwa ntchito akufunanji pakhomo pathu.

Loweruka lina mu Seputembala ndidawapeza a Yoramu akutsazika. Ndidawaperekeza mpaka pampanda n'kuwauza kuti asiye kaye kubwera, chifukwa bambo akusokonezeka.

A Yoramu adati, "Ndamva. Pakhomo ndi panu. Koma chinthu chimodzi chokha, mayi. Za maliro a amayi anu musamawauze tsiku ndi tsiku. Akafunsa, afunseni kuti mudakumana nawo kuti. Adzakusimbirani, ndipo mtima udzakhala pansi."

"Bambo anga ndikuwadziwa ndine," ndidatero.

"Zoona," adayankha. Adavala chipewa n'kutsetsereka kulowera kumsewu. Sadabwerenso.

Mwezi wa Novembala, Malita akuwaletsa kutuluka, bambo adamukankha ndipo adagwera pangodya ya tebulo n'kuchekeka pamphumi. Adandiimbira akulira. Adati wayesetsa, koma wayamba kuwaopa, ndipo iwonso akumuopa. Ndidamupepesa n'kumulola kupita. Nditafika ndidapeza bambo ataonda, malaya akulendewera. Sankakuwanso. Ankangokhala pamphasa kuyang'ana loko uja.

Ndidapempha tchuthi kuntchito. Tsiku lachitatu, ndili wotopa ndi wosowa chochita, ndidachotsa lokoyo n'kuwatsata kumsewu. Tidaima. Kudadutsa malole awiri ndi minibasi. Patapita mphindi makumi awiri bambo okha adati, "Kaya lero yafera kuti." Adatembenuka, ine pambuyo, mpaka kunyumba. Adamwa tiyi makapu awiri. Ndidalowa kukhitchini n'kulira.

Sabata yomweyo ndidakwera minibasi ya ku Biriwiri. Mvula idali itayamba ndipo njira yokwera kumudzi kwawo idali yoterera. Ndidafunsira kwa amayi ena amene ankapalira kabichi, n'kundilozera nyumba ya malata akale pamwamba pa chitunda. Adandilandira mayi wina wamsinkhu wanga. Adati ndi Tawina, mwana wa a Yoramu, ndipo abambo ake akudwala chifuwa kuyambira Okutobala, miyendo yatupa, sakuyendanso patali. Adali m'tulo, choncho tidakhala pakhonde kudikira.

Nditamuuza za matenda a bambo anga, Tawina adapukusa mutu. "Ndi omwe aja adatenga amayi," adatero.

"Amayi anu?"

"Simukudziwa? Zaka zisanu ndi chimodzi abambo akuwasamala okha."

Adandisimbira zonse. Mai Lufina adayamba kuiwala ali ndi zaka za m'ma sikisite. Tsiku lina adapezeka m'munda wa eni ake m'mamawa akukumba mbatata, ndipo m'mudzi mudamveka kuti ndi mfiti. Anthu ena adasiya kugula kabichi wa banjalo. Abale a mai Lufina adati awatengere kwa sing'anga, ena adati awatsekere. Tawina nthawi imeneyo adali kubanja ku Dedza. A Yoramu adagawa theka la munda kwa mphwawo kuti azipeza nthawi. Adaphunzira kuphika, kuchapa zitenje, ngakhale kuluka tsitsi, poti mkazi wawo sankalola mayi wina aliyense kuwagwira kumutu. Adasoka kansalu kolembedwa dzina ndi mudzi mkati mwa bulauzi iliyonse. Kumunda ankapita nawo, n'kuwapatsa nyemba zoti azisankha pamthunzi. Zaka zitatu zomaliza mai Lufina ankawatcha a Yoramu kuti achimwene, ndipo nthawi zina ankawafunsa ngati adaonako mwamuna wawo. Iwo ankayankha kuti ali bwino, akubwera. Mai Lufina adamwalira chaka chimodzi a Yoramu asanabwere pakhonde pathu.

Ndidakumbukira zomwe ndidalemba m'kope muja, ndipo ndidalephera kumuyang'ana Tawina kumaso.

A Yoramu atadzuka Tawina adawatulutsa n'kuwakhazika pampando wa ndalema. Adali ataonda, kupuma kwawo kukumveka patali. Adandizindikira msanga. Choyamba adafunsa za bambo, ngati akudya.

Ndidagwada pafupi nawo. Ndidawauza za Malita, za loko, za tsiku lomwe ndidapita nawo kumsewu. Ndidapepesa. Kenaka ndidafunsa kuti, "Bwanji simudandiuze za amayi Lufina tsiku lija?"

"Mudafunsa za ntchito," adatero. "Lufina sadali ntchito."

Adakhosomola kwa nthawi, Tawina n'kuwapatsa madzi.

"Komanso musandione ngati katswiri," adapitiriza. "Zaka ziwiri zoyamba ndidamuzunza mkazi wanga. Ndinkamukalipira. Ndinkamuuza kuti ukuchitira dala. Tsiku lina ndidamutsekera m'nyumba kuchokera m'mawa mpaka madzulo kuti ndikapopere mbatata. Pobwera ndidamupeza atakhala pakona, zala zikutuluka magazi chifukwa chokanda chitseko. Zimenezo sizindichoka. Zonse zomwe ndikudziwa ndidaphunzira pomulakwira iyeyo. Ndiye nditamva za a Evance ndidati, mwina wina asavutike zaka ziwiri zija."

Ndidawapempha kuti akachira abwere, ndidzabwera ndi galimoto kudzawatenga, sadzagwira chilichonse cholemetsa, azidzangokhala ndi bambo. Adamwetulira n'kuloza miyendo yawo.

"Iyi yakana, mayi. Mukadanditenga mu Juni ndikadakugwirirani miyezi inayi kapena isanu. Si yambiri. Koma ndikadamuphunzitsa mwana uja, Malita. Adali ndi mtima wabwino. Adangosowa womuuza."

Zimenezo sindidaziganizepo n'komwe, kuti ndikadatha kuwatenga onse awiri, wina wa mphamvu, wina wodziwa. Ndidawaika pampikisano anthu amene akadathandizana.

Tidakhala mpaka masana. Adandiuza kuti pofuna munthu wina ndisadalire kope. Ndimuitane, ndimupatse kapu ya tiyi kuti akawapatse bambo, ine ndiime patali ndione. Kodi akuwaimirira pamwamba kapena akukhala pansi? Akuwafulumizitsa? Bambo akanena zosamveka, akuseka, akuwakonza, kapena akumvetsera? Adati ndimufunsenso ngati adakhalapo ndi wodwala kwawo, ndipo chidamukwiyitsa n'chiyani, chifukwa wonena kuti sadakwiyepo ndiye kuti sadakhale naye nthawi yaitali. Adandiuza kuti bambo amakonda nyimbo iti ya m'kwaya ya ku Joni ija, n'kuyesa kundiimbira, koma mpweya udawathera pamzere wachiwiri. Tawina adaimaliza.

Nditabwerera ku Manjawira ndidachita monga adanenera. Ndidapeza a Redson, bambo wa zaka makumi asanu amene kale adali mlonda pasukulu ndipo adadwazikapo amalume ake. Pepala adalibe. Atapatsidwa tiyi adakhala pansi pamphasa, n'kudikira mpaka bambo atatambasula okha dzanja. Adakhala nafe mpaka kumapeto. Bambo adanenepako pang'ono, ankapita kumsewu masiku ena, masiku ena ankaiwalako. Kulankhula kokha sikudabwererenso monga kale. Miyezi ya loko ija idawatengera china chake, kapena mwina matendawo akadafika pomwepo ngakhale popanda loko. Namwino adati sitingadziwe. Ine ndimaganizabe.

Ndinkafuna kuwatengera bambo ku Biriwiri kuti akaonane ndi mnzawo. Ndidati mvula ikatha, njira ikauma. A Yoramu adamwalira mu Febuluwale, mvula ikadagwa. Bambo adatsatira mu Ogasiti.

Kumaliro a a Yoramu ndidapita ndekha. Kudali anthu ambiri, ena mwa iwo omwe aja adasiya kugula kabichi wawo. Mkulu wa mpingo adanena za ulimi wawo, za kwaya, za ana anayi ndi zidzukulu khumi ndi chimodzi. Mayi wina wa m'mudzi momwemo adandiuza kuti apongozi ake atayamba kusochera, a Yoramu ndiwo adapita kukalankhula ndi banja lonse kuti asawatche mfiti, ndipo adawasokera tinsalu ta dzina tija ndi manja awo.

Titachoka kumanda Tawina adandiperekeza pa chitunda. Adandithokoza chifukwa chobwera, n'kunena kuti abambo ake ankadandaula kwambiri kuti adasiya kukaona a Evance.

"Adatiuza kuti minibasi ikuwapweteka mwendo," adatero. "Ife tinkawauza kuti apume, akakamira chiyani."

Ndidaima panjirapo. Ndikadatha kungokhala chete, poti mwini wake adasankha kundibisira. Koma ndidamuuza kuti sudali mwendo, ndidawaletsa ndine, ndipo ndidamuuzanso chifukwa chake chenicheni, chimene ngakhale Allan sakuchidziwa. Tawina adandiyang'ana. Kenaka adati mvula ikubwera, ndifulumire ndingaphonye minibasi, ndipo adabwerera kusiwa.